Tsamba Loyera la Apulofesolo

Chinali chaka cha 1984, ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. M'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi cha kwathu munali piyano imene ansembe anasiya pochoka. Mano ake anali achikasu ngati a nkhalamba yosuta fodya, ndipo ukaivundukula inkanunkha makoswe.

Ankaiimba ndi apulofesolo, aphunzitsi athu, amene anakulira m'manja mwa ansembewo. Anali ndi buku la nyimbo za ku Ulaya, zopanda mawu, ndipo ankatiphunzitsa anyamata angapo. Anati pa fesita, chikondwerero cha tchalitchi cha mwezi wa Agosito, mmodzi wa ife adzaimba pamaso pa mpingo wonse. Ndinalumbira kuti ameneyo adzakhala ine.

Ife ana a alimi tinkayeza nyimbo monga momwe timayezera munda. Tsamba lakuda bii ndi timadontho unali munda wowirira, wofuna mwamuna. Tsamba loyera, la timadontho totalikirana, kanali kadimba ka ana. Ndinasankha lakuda kuposa onse, ndipo sindinafunse munthu.

Mfuti zinali zitayamba kumveka kuseri kwa mapiri, choncho amayi anandiletsa kutsalira ku tchalitchi tikaweruka. Ndinatenga thabwa, ndinajambulapo mano ndi khala, n'kumagogoda pamenepo. Chisanu cha chaka chimenecho chinali choluma. Zala zinang'ambika, magazi n'kumasakanikirana ndi khala. Amayi ankati, "Zala zimenezo zikanakumba mbatatesi, bwenzi tili ndi chonyamula pothawa." Amalume ankangoseka: "Musiyeni, mlongo. Piyano yakeyi ndi yaulemu, siitana amfuti." Sindinaleke.

Tsiku losankha ndinaimba tsamba langa lakuda kuyambira pamwamba mpaka pansi, osapunthwa. Anzanga anangoti kukamwa yasa. Apulofesolo sanawombe m'manja. Ananyowetsa chala, anatembenuza masamba, n'kuima pa loyera.

"Kuthamanga ukutha. Tayenda tione."

Ndinaseka mumtima. Koma nditagunda dontho loyamba, liwu linalira, linayamba kufa, ndipo lachiwiri linali lisanayenere kubwera. Pakatipo panali zii. Thabwa silinandiphunzitse zimenezo, pakuti thabwa ndi zii yekhayekha. Ndinachita mantha, ndinafulumira, dzanja lamanzere linaponda lamanja. Nyimbo inasweka ngati mphika.

"Yothamanga imabisa zolakwa zako," anatero. "Iyi imakuvula pagulu. Ukaitha, fesita ndi yako."

Ndinapsa mtima. Ndinaona ngati andibwezera ku kadimba ka ana. Lero ndikunena mosabisa kuti ankanena zoona, ndipo achinyamata amene ndimawamva akuthamangitsa zala m'matchalitchi masiku ano sanakumane ndi munthu ngati ameneyo.

Ndinachonderera amayi mpaka anandilola kupita ku tchalitchi m'mamawa, mame asanaume. Ndinkagunda dontho limodzi n'kudikira, khutu lili pa thabwa la piyano, kufikira liwu litatsala pang'ono kuzima. Ndinaphunzira kuti chala chaching'ono chili ndi ulesi, ndiponso kuti kugunda mofewa kumatopetsa kuposa kulima. Mlungu wa fesita uli pafupi, ndinaiimba yonse. Apulofesolo anatseka buku n'kunena mawu amodzi: "Eya."

Fesita sinachitike. Amfuti anafika masiku ake asanakwane, ndipo tinadutsa m'tchire kulowera kumalire, ku Kalomwe, amayi atasenza mtolo, ine nditabereka mng'ono wanga.

Titabwerako nkhondo itatha, tinawerenga zimene tinataya. Nyumba ziwiri. Nkhokwe. Mbuzi zisanu ndi imodzi. Piyano, imene anawaza nkhuni. Amalume, amene anabwerera kukamasula mbuzizo. Apulofesolo, amene mpaka lero palibe wodziwa pamene anagona. Koma tsiku limene tinkawoloka malire, amayi akulira mosatulutsa mawu, ine ndinkawerenga chimodzi chokha: kuti mpingo sunandimve.