Utomoni wa Nkhadze m'Dziwe la Matemba

Fungo la udzu wopserera ndi utsi wa malasha limandibwezera ku Joni, m'nyengo yachisanu ya chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi atamwalira kwathu ku Ntcheu, amalume anandikweza lole ya katundu kuti ndikakhale ndi abambo, amene ankagwira ntchito ya m'dimba kwa mzungu wina wamkazi kunja kwa tauni. Tinkagona m'kachipinda kakuseri, pafupi ndi mpanda wa nkhadze. Pasi, chiphaso chondilola kukhala kumeneko, ndinalibe. Tsiku loyamba lomwe abambo anandiuza kuti, "Esnati, kuno usamaoneke. Adona akangodandaula nawe, ubwerera." Kubwerera ndinkakuopa kuposa apolisi, chifukwa kumudzi kunalibenso wanga.

Adonawo ntchito yawo inali yofufuza nsomba za m'mitsinje. Kumunsi kwa puloti yawo kunkadutsa kamtsinje ka madzi achikasu ochokera kumigodi, onunkha dzimbiri, opanda ngakhale chule. Koma pambali pake, pamene kasupe ankatuluka m'miyala, panali dziwe laling'ono loyera, ndipo m'menemo munatsala matemba. M'mawa uliwonse adona ankapitako, abambo atawanyamulira kaukonde, ndowa ndi buku. Tsiku lina adona anandipezerera nditasuzumira m'ndowa, ndikupatula ndi chala matemba a madontho atatu ndi anzawo a mzere wakuda. Ndinachotsamo chala msanga. Iwo anangoseka n'kundipatsa ndowa ina. Kuyambira pamenepo ine ndinkapatula, iwo n'kuyeza kansomba kalikonse pa rula ndi kulemba, kenako ndinkakabwezera m'madzi zala zitauma ndi chisanu.

Chinkawasautsa chinali chimodzi: matemba ankathawira kunsi kwa miyala kumene ukonde sunkafika. "Akuti sakudziwa kuti atsala angati," abambo ananditanthauzira. "Popanda nambala palibe awamvere, ndipo eni malo adzakwirira dziweli kuti amangepo nyumba."

Ine njira ndinkaidziwa. Kwathu mitsinje ikayamba kuphwa, amayi ndi anzawo ankasinja katupe kapena nkhadze n'kuvundulira m'dziwe, nsomba zonse n'kuyandama, ife ana tikuwola ndi malichero. Mvula ikagwa, nsomba zinkabweranso. Palibe chaka chimene zinalephera.

Lamulungu lina abambo atapita kutchalitchi ku Berea, ndinasadza nkhadze zodzaza thumba n'kukasinjira pamwala wa m'mbali mwa dziwe. Utomoni unandiotcha manja, diso limodzi linatupa, koma sindinaleke. Madzi anachita mbuu ngati otsukira mpunga. Posakhalitsa matemba anayamba kutuluka m'miyala akuzungulirazungulira, kenako anatembenuza timimba toyera. Ndinawandandalika pathanthwe m'mizere ya khumikhumi, a madontho mbali iyi, a mzere mbali iyo. Nditamaliza ndinathamanga kukagogoda pakhomo la kukhitchini, pamene ndinali ndisanagogodepo chibwerere.

"Onse ndi awa, adona," ndinatero m'Chingerezi changa cha kusukulu ya kumudzi, chimene ndinachibwereza njira yonse. "Palibe watsala."

Sanandikalipire. Anakhala pansi pathanthwe lozizira lija, natulutsa pensulo, n'kuyamba kuwerenga misozi ikudonthera pabuku. Ine ndinaima potero manja kumbuyo, ndikudzifunsa kuti kapena ndasokoneza mizere.

Abambo anatipeza pomwepo ali m'jekete lawo la kutchalitchi. Anayang'ana dziwe, anayang'ana manja anga otupa, navula chipewa. "Mwana iwe, amayi ako anakuphunzitsa bwino," anatero motsitsa mawu. "Koma kuno mvula sibwera ndi nsomba."

Sabata isanathe ndinali pa lole yobwerera. Adona anapatsira abambo juzi yaubweya kuti ndifunde m'njira, koma iwo eni sanatuluke m'nyumba.

Kwa zaka zingapo ndinkakhulupirira kuti anandithamangitsa chifukwa chodula mpanda osapempha, ndipo m'kalata iliyonse yopita kwa abambo ndinkafunsa ngati nkhadze zija zaphukanso. Ankayankha kuti zaphuka. Za dziwe anandiuza ndili wamkulu, kuti pamwamba pake pali garaja ya munthu. Pamenepo ndi pomwe mawu awo aja anandilowa. Kwathu katupe ankapha dziwe limodzi mtsinje wonse uli moyo, ndiye kunali kochokera nsomba zina. Kuja kumtunda kunali kutafa kale, kumunsi kutafa kale, ndipo amene anapha kamtsinjeko sanakwezedwe lole. Ine ndinangofika pomalizira, ndi thumba langa la nkhadze, ndikufuna kuti andiyamike.