Khasu limene munandipatsa nditachoka ku Halale

Lero kutchalitchi awerenga mawu a mneneri, oti Mulungu atalanga anthu ake ndi ukapolo, anawamvera chisoni n'kuwabwezera kwawo. Ndalephera kuimba, aNaphiri mkazi wanga, ndimangoona inu.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndinatchona ku Halale zaka zinayi, osakulemberani ngakhale kalata imodzi. Ntchito itatha, matenda atandifoola, ndinabwerera kwanu ku Nambuma ndi bulangete lokha. Alongo anu anandiimitsa pabwalo, amvekere, "Mkamwini wotereyu ife ayi, abwerere komwe wachokera." Ndinangoti zyoli, poti ankanena zoona. Inu mumachokera kumunda, mwana wathu Tereza atakugwirani chitenje, iye osandidziwa n'komwe. Munandiyang'ana nthawi yaitali, kenako munati, "Achimwene, chilango alandira kale awa, taonani mmene aondera. Kodi Mulungu akamenya mwana wake amamutayiratu?" Ndiye munatsitsa khasu paphewa n'kundipatsa. "Bambo a Tereza, mtedza wathu wamera udzu."

Ndinapalira tsiku limenelo misozi ili mbwembwembwe. Mpaka tsiku limene munatisiya, simunanditonzepo ngakhale kamodzi. Zikomo, mayi. Pumulani bwino kwa Ambuye, tidzaonana.