Impso Yanga Ili ku Chia

Impso yanga yakumanzere ili m'mimba mwa achimwene anga, ku Chia. Anaiika ndi madokotala a ku India, impso za achimwenewo zonse ziwiri zitaleka kugwira ntchito.

Tisanabwerere kumudzi, dokotala anatiuza zinthu ziwiri. Choyamba, nthenda ya achimwene ndi yakumtundu, ndipo inachokera mbali zonse, kwa bambo ndi kwa mayi, koma ine inandiphonya. Nkhaniyi inakhumudwitsa abale, chifukwa akuchimuna anali atakonzeka kale kuloza chala akuchikazi, nawonso akuchikazi chimodzimodzi. Chachiwiri, mitsempha ya achimwene inauma chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, choncho impso yatsopanoyo ikhalitsa pokhapokha atasiya mchere.

Achimwene ndi msodzi, ndipo chiyambire amathira mchere ndiwo asanazilawe.

Tsiku lina masana ndinawapeza pakhonde, chambo chowamba chili m'mbale, kondowole ali pambali, zala zili m'kambale ka mchere. Alamu atandiona anangolowa m'nyumba.

"Achimwene, mcherewo ukupita kuti?" ndinafunsa.

"M'mimba mwanga," anayankha.

"M'menemo muli katundu wanga."

"Paja unandipatsa, iwe."

Ndinasamba m'manja, n'kukhala pamkeka, kambale ka mchereko n'kuika kuseri kwanga. Tinadya chambo chozizira, iwo akung'ung'udza kuti chikukoma ngati mankhwala a kuchipatala.

Titamaliza anandifunsa kuti ndileka liti kuwalondalonda.

"Achimwene," ndinatero, "ndatsala ndi imodzi, ndipo imeneyi sindigawa."