Kabotolo ka pansi pa malata

Amuna anga anawapeza ndi matenda a shuga tikadali m'nyumba yaudzu, kwathu kwa Mavwere. Kuchipatala cha paboma anatipatsa kabotolo ka mankhwala obaya, ndipo anamwino anati tizikasunga pozizira, patali ndi ana. Ine ndinati zosavuta izo. Kwathu chilichonse choopsa, kaya lumo, kaya mankhwala a makoswe, timachiika pamwamba pa khoma, pomwe denga limatsamira. Kabotolo kanapita komweko, ndipo bambowo anapeza bwino mpaka kuyamba kunenepa.

Chaka china fodya anatikomera, tinasasula udzu n'kukhoma malata. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Kabotolo tinakabwezera pamalo pake pomwe paja.

Pofika Okutobala munthu uja anayamba kusintha. Madzi ankamwa ngati ng'ombe, kukataya madzi kosalekeza, thupi kumangotha. Chonsecho jakisoni ankabaya m'mamawa uliwonse, ine ndemwe ndinkawatsitsira kabotoloko. Nanga chavuta n'chiyani? Mutu wanga unaima.

Alamu anga anati ndi anthu amenewa, malata awawawa mtima. Mayi wina wakumpingo anati mankhwala amasiku ano ndi madzi enieni, tikagule a ku Chipata. Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinaukira odwala omwewo.

"Bambo, mukumwa thobwa kumbali inu! Musandipusitse."

"Mayi, ndingamwe bwanji chondipha?" anayankha motsitsa. Kenako anati m'maso mwawo mwayamba kuchita chifunga, munthu akaima pakhomo sakumuzindikira. Apo ndiye ndinachita mantha.

Tinabwerera kuchipatala. Anawonjezera mankhwala obaya, anatipatsa kabotolo katsopano, anandifunsanso ngati ndikusunga pozizira. Ndinavomera ndi mtima wonse, chifukwa m'mamawa ndikakagwira kankakhaladi kozizira. Masiku oyamba zinkaoneka ngati zikusintha, kenako zomwe zija. Ndinkapemphera osadziwa chopempha, kaya Mulungu achotse afiti, kaya achotse thobwa.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinapisa dzanja pamwamba pa khoma kufuna lumo loti ndiwawengere zikhadabo. Malata anandiotcha kuseri kwa dzanja. Mayo ine! Pobweza dzanjalo ndinakhudza kabotolo kaja, ndipo kanali kotentha ngati kapu ya tiyi. Ndinakayang'ana pakuwala, m'kati munali timibulu. Komabe sindinamvetse. Malo ndi omwewo amene anatisungira bwino zaka zonsezi, chitsekerero chili chotseka, ndiye mankhwala angafe bwanji?

Mawa lake ndinakaonetsa anamwino. Anafunsa za denga lathu, kenako anagwira pakamwa.

"Mayi, mankhwalawa mwakhala mukuwaphika tsiku ndi tsiku."

Anandipatsa kabotolo kena n'kundiuza kuti ndikaike m'kamtsuko, kamtsukoko ndikakhazike mumchenga wonyowa pakona yamthunzi, pansi penipeni. Pansi? Pomwe ana amakwawa? Ndinavundikira ndi mbale, pamwamba mwala, koma kwa nthawi yaitali dzanja langa linkapitabe lokha kukhoma m'mawa uliwonse.

Shuga anatsika, thupi linabwerera, koma maso ayi. Alamu anga mpaka lero amati anali anthu, ndipo ndinatopa nako kukangana nawo. Malata amene bambowo anawakhetsera thukuta kumunda wa fodya sanawaonenso bwino. Mvula yoyamba itagwa anakhala pakhonde n'kutchera khutu.

"Mayi, akulira bwino malata athuwa," anatero. "Kodi akuwalabe?"