Soda M'kamwa, Mwezi wa Ramazani

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndili Fomu 4 pasekondale ina ku Nkhotakota, boma la matipate litangolowa kumene. Ana asukulu chilichonse tinkangoti ndi demokalase, ngakhale kukana kusesa. Koma a Mhango, aphunzitsi athu a kemisitiri, ankati demokalase imathera pakhomo la labotale.

Anali ndi lamulo limodzi lomwe tonse tinkanjenjemera nalo. Poyeza mankhwala tinkawakoka ndi pakamwa kudzera m'kachubu kagalasi kotchedwa pipeti, akafika pamzere n'kutseka ndi chala. Wokoka mopitirira, mankhwala n'kulowa m'kamwa, a Mhango ankati atuluke m'kalasi mwawo, akasankhe phunziro lina. Atsikana tinalimo awiri okha, ndipo azakhali anga anali atanena kale kunyumba kuti za mabotolo n'za anyamata. Ine mtima unali pa unamwino, ndipo popanda sayansi maloto amenewo akanathera pomwepo.

Tsikulo unali mwezi wa Ramazani, masana otentha mvula itangokata. Kukhosi kunali gwa, mutu ukuzungulira ndi njala. Tinkakoka madzi a soda wowotcha, uja amapangira sopo. Mosazindikira, nsonga ya pipeti inavuuka, ndipo sodayo anathamangira m'kamwa mwanga.

Poyamba munangoterera ngati sopo. Kenako munayamba kutentha. Ndowa ya madzi inali pakona, pafupi ndi tebulo la a Mhango, ndipo kupita kumeneko kunali kudziulula. Ndinadziuza kuti ndikachukucha m'kamwa dontho likhoza kutsika kukhosi, swaumu yanga, kusala kwa tsiku lonse, n'kuonongeka. Ndinawerama ngati ndagwetsa cholembera, n'kulavulira kunsonga kwa mpango wanga. Ntchito ndinaimaliza. A Mhango anayang'ana yankho langa, n'kunena kuti lili bwino, ine n'kumwetulira osatsegula pakamwa.

Njira yonse ya m'madimba a mpunga ndinayenda ndikulavula. Nthawi yomasula itakwana, amayi anaika pamphasa futali wa chinangwa wotentha. Ndinangolawa, misozi ili mbwembwembwe. Amayi anandigwira chibwano, atasuzumira m'kamwa anaitana ababa. Ababa anali telala, munthu wa mawu ochepa. Analiyang'ana lilime losupukalo nthawi yaitali, ine ndikufotokoza modukizadukiza.

"Unatsuka m'kamwa?" anandifunsa.

"Ayi, ababa. Ndimaopa kumasula swaumu."

"Usanamizire Mulungu, Asiyatu. Potawaza, pokonzekera kupemphera, umachukucha m'kamwa tsiku lililonse, swaumu osamasuka. Iwe umaopa munthu."

Mawuwo anandiwawa kuposa soda, chifukwa anali oona.

M'mawa ababa anandikweza panjinga kupita kuchipatala, kumene anandipatsa mankhwala ochukuchira. Potuluka sanakhotere kunyumba, analunjika kusukulu. Ndinadziwa kuti zanga zatha. Kaya andithamangitsa ndi a Mhango kaya andichotsa ndi ababa, azakhali akanaseka chimodzimodzi. Tinapeza phunziro lili m'kati. Ababa anapereka moni pakhomo, kenako anandiuza kuti ndinene ndekha, iwo sanabwere kudzandilankhulira.

Ndinanena zonse, lilime likulemera, kalasi yonse ikumva. A Mhango sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa anzanga n'kufunsa kuti ndani wina anamwerapo mankhwala n'kubisa, ndipo analonjeza kuti sathamangitsa aliyense. Dzanja limodzi linakwera, kenako lina, mpaka la Yusufu, mnyamata yemwe ankatiseka atsikana kuti tili ndi manja a phala. Nkhope ya a Mhango inagwa. Anapita pakona, ananyamula ndowa ija okha n'kuiika pakati pa labotale.

"Kuyambira lero, zikakulowa m'kamwa thamangira apa, usapemphe n'komwe," anatero. "Iwe Asiyatu, utsuka magalasi onse milungu iwiri. Osati chifukwa unamwera, koma chifukwa unabisa."

Ababa anangogwedeza mutu, n'kukwera njinga kubwerera kumakina awo. Magalasiwo ndinawatsuka ndikuimba.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba ngati ya mtsikana amene anapirira chifukwa cha chipembedzo, popeza imakoma choncho. Lero ndasiya. Ndinali wamantha, ndipo manthawo ndinawaveka mpango kuti aoneke aulemu. Ndazindikiranso kuti lamulo la a Mhango silinaletse aliyense kulakwitsa, linangotiphunzitsa kubisa. Ndine namwino tsopano, ndipo ndimayang'anira ongoyamba kumene ntchito. Wina akabwera akunjenjemera kuti wadzibaya ndi singano ya wodwala, sindifunsa kuti zatheka bwanji. Ndimamugwira dzanja, tipite kaye kumpopi.