Botolo la Saladi la Ba Mainess

Mbiri ya Ba Mainess Ngosa, Mkonzi Wamkulu wa ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, iyenera kumvedwa mutavula chipewa. Amene alibe chipewa abwereke, avale, kenako avule.

Mayi ameneyu anatayipa makalata zaka khumi ndi chimodzi pa kampani ina yopanga mabulangete. Kwacha itayamba kuonda, kampani inatseka, ndipo tsiku lomaliza abwana anati aliyense anyamule chimene angathe. Ena anatenga mipando, wina anazula chitseko cha chimbudzi. Ba Mainess anabwereka wilibala n'kukwezapo makina osindikizira mapepala, aja opukusa ndi dzanja, olemera ngati ng'ombe yakufa. Atafika nawo kunyumba anauza amuna awo, Ba Whyson, kuti kuyambira lero adziwe kuti anakwatira Mkonzi Wamkulu. Ba Whyson anawazungulira makinawo kawiri, n'kufunsa ngati angagaye chimanga.

Umo ndi m'mene inabadwira Tidye Tiyende, magazini ya zakudya ndi maulendo, mapepala anayi, inki yake yokakamira m'manja mpaka Pasaka. Inatuluka nthawi imene mu Lusaka ukaona mzere umayamba waimapo kaye, zofunsa kuti akugulitsa chiyani umafunsa utafika kutsogolo.

Za maulendo Ba Mainess anali katswiri, ngakhale kutali kwambiri kumene anafikako kunali ku Kafue, kumaliro. Anakwera minibasi kupita ku Matero, komboni ina ya mu Lusaka momwemo, n'kulemba tsamba lonse kulangiza alendo kuti atenge juzi chifukwa nyengo ya kumeneko ndi ina. Za komboni ya Kalingalinga analemba kuti nzika zake ndi zochezeka ndipo zimadya ndi manja monga ife. Koma chimene chinawatchukitsa chinali tsamba la kaphikidwe. Kaya ndi lepu, kaya ndi impwa, kaya ndi kapenta, malangizo onse ankayamba ndi mawu amodzimodzi: Thirani saladi mosaumira.

Saladi, mafuta ophikira, anali atasowa m'dziko ngati mano a nkhuku. Komboni yonse inkaphika ndi madzi ndi pemphero. Koma mu kabati ya magalasi ya Ba Mainess, pakati pa makapu a alendo, munali botolo lalikulu lodzaza mpaka m'khosi, lowala ngati golide. Azimayi ankabwera ngati odzapereka moni, maso ali pa kabati. Amene ankabwera kwambiri anali Ba Marjory a nyumba yoyandikana, amene anakazinga vitumbuwa pa msika zaka makumi awiri mpaka mafuta atasowa. Mwezi uliwonse ankapempha kasupuni kamodzi chabe, ndipo mwezi uliwonse Ba Mainess ankayankha kuti amenewo ndi a ntchito ya magazini.

Manje tsekani chitseko ndikuuzeni. M'botolomo munali tiyi. Mafuta enieni anatha kalekale pa phwando la mwana wawo wamkazi, ndipo Ba Mainess anaona kuti Mkonzi Wamkulu wopanda saladi ali ngati mbusa wopanda jekete. Loweruka lililonse ankaphika tiyi wopepuka, kumusefa pa nsalu, n'kusintha wakaleyo asanachite nkhungu. Wakaleyo ankamwa ndi Ba Whyson, amene ankati amawathandiza msana. Kutchedwa oumira Ba Mainess sankadandaula nako. Chimene ankaopa chinali chakuti tsiku lina Chawama idzadziwa kuti mayi wolangiza dziko kuthira mosaumira alibe ndi dontho lomwe. Tsiku limenelo magazini idzangokhala yoyatsira mbaula.

Tsoka linabwera litavala suti ya safari. Ba Edmond Mukupa, mkulu wa pulogalamu ina ya pa TV, anagula nshawa zokazinga pa siteshoni, zitakulungidwa mu tsamba lachitatu la Tidye Tiyende. Anawerenga, anasangalala, n'kutumiza uthenga kuti Lachiwiri m'mawa akubwera ndi kamera kudzajambula Mkonzi akukazinga kapenta.

Ba Mainess anavina kuchokera pakhomo mpaka pa mpopi. Pobwerera anakumbukira botolo, kuvina n'kuthera pomwepo. Masiku anayi otsalawo anaima pa mizere isanu ndi iwiri. Anabwerako ndi makandulo, polishi ya nsapato, ndi katemera wa chikuku amene sanamupemphe. Saladi ayi.

Lachiwiri Chawama yonse inasamba. Agogo ena anabwera atavala yunifomu ya kwaya, ndipo tambala wa Ba Whyson anamangidwa mwendo kuti asalowe m'mbiri ya dziko. Mbaula anaiika pabwalo, azimayi anakhala pa mphasa mozungulira, Ba Marjory kutsogolo kwenikweni, manja atapinda, pafupi ndi ndodo ya maikolofoni. Ba Mainess, atavala chitenge chatsopano ndi duku lotalika ngati chulu, anayesa nzeru yomaliza. Anauza Ba Edmond kuti pofuna kulemekeza chikhalidwe chathu aganiza zophika visashi, ndiwo zotendera, zosafuna mafuta.

"Awe ba mayo, visashi tizaona tsiku inangu," anatero Ba Edmond. "Ziko ifuna kumvela saladi ikulila mu pani. Bantu baibala na kalilidwe kake. Elo tepi tili nayo imozi chabe, kulibe kubweleza."

Atatero analowa okha m'nyumba, n'kutuluka atanyamula botolo ndi manja awiri ngati mwana wopita ku ubatizo. Azimayi anausa moyo onse pamodzi.

Kamera inayamba kuzungulira. Ba Mainess anapereka moni kwa mtundu wonse, mawu ali bwinobwino. Anafotokoza mbiri ya kapenta kuyambira kwa Nowa. Anafotokoza za pani. Anafotokoza za malasha. Ba Edmond anayamba kuzunguliza chala m'mwamba kuti tepi ikutha. Panalibenso kothawira. Anatsegula botolo, anayang'ana kumwamba, n'kunena mawu awo otchuka, thirani saladi mosaumira, n'kuthira.

Pani inati tsii kamodzi, ngati mphaka wopondedwa mchira, n'kukhala chete. Kenako inayamba kubwata, bwatabwata, ngati phala. Kapenta anayamba kusambira mosangalala ngati wabwerera kwawo ku nyanja ya Kariba. Fungo la tiyi linakwera n'kupita molunjika m'mphuno mwa Ba Marjory, mphuno imene inanunkhiza mafuta zaka makumi awiri. Bambo wa maikolofoni anakwinya nkhope n'kugogoda zomvera zake za m'makutu.

Ba Marjory anadzuka pang'ono n'kugwada. Ba Mainess anaona maliro awo omwe, anaona ndi amene adzaphike nyemba zake. Koma Ba Marjory anasendeza mutu pafupi ndi maikolofoni, pansi pamene kamera siinkaona, anakoka mpweya wonse wa mu Chawama, n'kulumanitsa mano.

"Chwaaaaaaa."

Anali mafuta enieni. Anali mafuta a nthawi ya ufulu, mafuta a pa Khirisimasi. Mpweya utawathera anagunda ndi chigongono mayi wa pambali pawo, iye n'kulandira pomwepo, wachitatu n'kuwonjezera tumawu tothetheka, tcha, tcha, tcha. Posakhalitsa mphasa yonse inali kukazinga mosinthana ngati kwaya ya pa Sabata. Bambo wa maikolofoni anatseka maso, kumwetulira kuli mpaka m'makutu. Ba Mainess anatakasa kapenta wawo mu tiyi, akuchenjeza oonera kuti asayandikire kwambiri, mafuta angawathovukire.

Pomaliza Ba Edmond anayenera kulawa pamaso pa dziko. Anatafuna nthawi yaitali, maso akulengeza misozi. Anayang'ana botolo, anayang'ana azimayi makumi atatu amene ankawayang'ananso osaphethira, anakumbukira kuti tepi ndi imodzi ndipo msewu wotulukira mu komboni ndi umodzinso. Anameza, n'kuuza mtundu wonse kuti kakomedwe kotere anakamvapo kamodzi kokha, mu ndege.

Galimoto ya TV itapita, Ba Mainess anapeza Ba Marjory akumwa madzi pa mpopi, milomo itauma. Ba Mainess anati ayambe kulankhula, koma anzawowo anawadula.

"Imwe ba Mkonzi, mwenze kuganiza ati ndise vipuba? Ni saladi ya bwanji yamene bamuna banu bamamwela mu kapu kuseli kwa nyumba wiki iliyonse?"

Ba Mainess anafunsa kuti nanga supuni ija ankaipemphera chiyani mwezi ndi mwezi.

"Kuti tione mwamene muchitila chibe, thukuta lili kamukamu. Mu komboni mulibe sinema." Anapukuta pakamwa ndi chitenge. "Koma lelo simwenze imwe pa mbaula, yenze Chawama. Ba ku Matero batiseke? Awe mwandi."

Pulogalamu inaonetsedwa Lachisanu madzulo, ndipo anthu mazana awiri anaionera pa TV imodzi ya batire ya galimoto. Makalata anachokera ku Ndola ndi ku Chipata kufunsa kumene amagula mafuta olira chotero. Bambo wina wa ku Kabwe analemba kuti ankadya nsima yake akumvera pulogalamuyo, ndiwo osazifuna. Ba Mainess anapatsidwa mphindi khumi sabata iliyonse, ndipo pa tsamba loyamba la Tidye Tiyende, pansi pa dzina lawo, panalembedwa dzina la Ba Marjory, Wachiwiri kwa Mkonzi, Woona za Mafuta.

Patapita zaka saladi anabwerera m'masitolo, ndipo Ba Mainess anagula botolo lenileni n'kulithira mu pani pamaso pa kamera, mtima uli mbee. Ba Edmond anaimitsa kujambula. Anati mafuta a masiku ano ndi ofooka, sakumveka bwino, wina athamange akaitane Ba Marjory.