Kambululu ka pa tsamba lomaliza

Koleji ndinaisiya m'chaka chachiwiri. Sindinalephere ayi, kungoti ine ndi aphunzitsi tinasiyana maganizo pa nkhani ya mayeso. Iwo ankafuna mayankho, ine ndinkawapatsa zithunzi m'mphepete mwa pepala. Mapeto ake ndinapezeka ku Cape Town, masana ndikunyamula makatoni ku Montague Gardens, Loweruka ndili mkonzi wamkulu, wojambula wamkulu, ndiponso wowerenga wokhulupirika wa kabuku kanga.

Timabuku totere kuno amatitcha zini. Umajambula pa pepala limodzi, kulipinda katatu, kudula pakati ndi sizasi, basi katuluka kabuku ka masamba asanu ndi atatu. Kanga kankanena za nkhunda yopanda mapepala okhalira m'dziko muno imene inalembedwa ulonda pakhomo la sitolo m'tauni. Inali nkhani yolemera kwambiri, ngakhale anthu ankaseka.

Kampani yondisindikizira inali achemwali anga. Ankakolopa mu ofesi ina m'tauni, ndipo ankafika m'mawa anthu a mataye asanabwere. Pakona ya ofesiyo panali makina a fotokope. Nditawapempha koyamba anandiyang'ana ngati ndapempha impso.

"Iwe, ntchito imeneyi ndi imene imalipira chipinda ukugonamochi. Ana anga kumudzi akuphunzira nayo. Akandigwira udzatidyetsa nkhunda yakoyo?"

"Achemwali, mbiri idzakukumbukirani."

"Mbiriyo ili ndi lendi?"

Komabe anavomera, pang'onopang'ono, mapepala ochepa pa sabata, atawabisa m'chikwama pansi pa yunifolomu. Pepala lililonse linkatuluka ndi kadontho kakuda kokhala ndi mchira, ngati kambululu. Pagalasi la makinawo panamatirira kanthu, ndipo okolopa anali ataletsedwa kukhudza makina. Ndikapinda pepalalo, kambululuko kankagwera pa tsamba lomaliza, pamwamba kumanja. Wina akafunsa ndinkati ndi chidindo cha kampani.

Loweruka lina kunali msika wa timabuku m'holo ina kufupi ndi Claremont. Anthu a zini ali ndi mwambo wawo: wopanga mnzako akaima pa tebulo lako, mumasinthana, kako apo, kake apa. Kukana n'kutukwana. Ndinali nditasinthana kale ndi mnyamata wojambula amphaka okhaokha ndi mayi wina wolemba za mabasi ochedwa, pamene panafika mayi wa mandala ofiira, tsitsi lometa mbali imodzi.

Munthu wabwinobwino amayamba kabuku poyambira. Iye anakatembenuza n'kuyang'ana kumbuyo. Anatenga kena, n'kutembenuzanso. Kachitatu chimodzimodzi. Nkhunda yanga sanaipatse ngakhale moni.

"Mumasindikiza kuti?" anafunsa m'Chingerezi.

"Pa kashopu kena komweku ku Claremont," ndinatero, nkhope ili ngati ya m'busa pa maliro.

"Kashopu kake kati? Ndikufuna ndikayeseko."

"Kanatsekedwa. Dzulo."

Anamwetulira mbali imodzi, yomwe ija yometayo, n'kutulutsa kabuku kake m'chikwama. Tinasinthana monga mwa mwambo. Ndinakaponya m'thumba osakayang'ana, chifukwa maso anga anali pa msana wake, kuona ngati akupita kukaitana munthu.

Ndinakatulutsa ndili mu takisi. Kanali ka masamba asanu ndi atatu ngati kanga, kodzaza zithunzi za mipando ya mu ofesi zodulidwa m'magazini. Ndinakatembenuza. Pamwamba kumanja, kambululu kanga kanali phee, mchira uli momwemo.

Kufika kunyumba ndinali nditamaliza kafukufuku: mayiyu ndi kazitape. Ofesi yaona mapepala akutha, yamutuma, ndipo kabukuka wapanga dala kuti andisonyeze kuti akudziwa. Ndinawafotokozera achemwali ali pa mpando akusita.

"Mandala ofiira? Tsitsi ngati anamuthawa wometa?"

"Yemweyo."

Anaika simbi pansi. "Iwe mwana iwe. Ameneyo ndi amene amalemba anthu ntchito ndi kuwachotsa."

Lamulungu kutchalitchi achemwali sanaimbe, chonsecho nthawi zonse ndi iwo amayambitsa nyimbo. Ine ndinakhala pa bedi ndi kabuku ka mdani, ndikukaunika ngati dokotala. Ndipamene ndinaona kuti m'mbali mwa mipando yodulidwayo munali timithunzi ta zomata. Mayiyo ankamata zithunzi zake ndi guluu. Ine guluu sindimugwira, ndimajambula ndi bolopeni basi. Ndiye kuti chomatirira pagalasi chija chinali guluu wake, wagwira fumbi. Kambululu sikanali kanga. Ndinkangolera mwana wa eni.

"Achemwali, nayenso amaba fotokope! Ndipo anayamba ndi iyeyo!"

"Ndiye ndikawauze abwana? Wokolopa ndi wa mandala, akakhulupirira ndani? Nzeru za theka la koleji."

Ndinangotenga bolopeni n'kuyamba kujambula m'mphepete mwa pepala, ngati pa mayeso paja.

Lolemba achemwali anapita kuntchito ndi jumbo yopanda kanthu, yoti adzatengeremo kapu ndi masilipasi awo akawachotsa. Zimene zinachitika ndinazimva madzulo. Mayi wa mandala anafika m'mawa kuposa masiku onse, n'kuwapeza akukolopa pafupi ndi makina. Anatseka chitseko.

"Sisi, muli ndi mchimwene wojambula?"

"Ndilibe mchimwene," anatero achemwali anga, amene anandibereka kumsana.

Mayiyo anangogwedeza mutu. Anatsegula makinawo, n'kutulutsa khadi lake lolowera pakhomo, n'kuyamba kupala galasi. Anapala mpaka guluu yense anachoka, kenako anapempha kansalu. Achemwali anampatsa. Mayiyo anapukuta galasi, anaika pepala loyera, n'kudina. Linatuluka loyera mbee. Analikweza m'mwamba kuti onse awiri alione.

"Makinawa tsopano alibe mbiri," anatero. "Ndipo kuyambira mwezi wamawa aliyense azidina nambala yake asanasindikize. Ndangoti mudziwe."

Jumbo ija inabwerera yopanda kanthu. Ntchito inatsala, koma kampani yanga yosindikiza inatsekedwa tsiku lomwelo, popanda msonkhano wa eni masheya.

"Ukadzangonditchulira nkhunda," anatero achemwali, "ukagona pa renki ya matakisi."

Mpaka lero sitigwirizana za mayi uja. Ine ndimati anatipulumutsa. Achemwali amati anadzipulumutsa yekha, ife tinangokwera nawo, ndipo moni wake wa m'mawa ngwansangala mopitirira muyeso. Mayiyo akawapatsa moni, achemwali amayankha bwinobwino, kenako amakayang'ana ngati kapu yawo ili pamalo pake.

Masiku ano ndimasindikizadi pa kashopu ku Claremont, kotseguka, ndipo masamba amatuluka oyera. Mnyamata wa amphaka uja anadandaula kuti chidindo cha kampani chapita kuti, choncho ndimakajambula ndi bolopeni, kamodzikamodzi, pamwamba kumanja. Mayi wa mandala amabwerabe ku msika. Timasinthana mwaulemu, ndipo aliyense, asanaone chikuto, amayamba watembenuza kabuku ka mnzake.